Momwe mungaonetsere ana black hole ndi nsalu ya kaunjika

Mwana wa Fomu 3 akakufunsani kuti, "Aphunzitsi, ngati chilengedwe chikutambasuka, bwanji black hole satambasuka nacho?" musathamangire pa bolodi. Tulukani ndi ana anu panja. Black hole ndi malo m'mlengalenga omwe mphamvu yake yokoka ndi yaikulu kwambiri moti chilichonse cholowamo sichitulukanso.

Choyamba, pezani nsalu yotanuka. Chitenje ndi chouma, sichingathandize; siketi ya kaunjika ija imamata thupi ndiye yabwino, muing'ambe msoko. Pezaninso choko, nandolo wouma ndi kachewere wamkulu mmodzi, wa pa Lizulu ngolemera bwino.

Ana anayi agwire m'makona, nsalu ili m'mwamba. Lembani timadontho paliponse ndi choko. Timeneti tikuimira milalang'amba, magulu akuluakulu a nyenyezi.

Kenako ikani kachewere pakati. Nsalu ija ilowa pansi ngati dzenje. Gubuduzani nandolo chapambali: azungulira, kenako agwera momwemo. Apa auzeni za Albert Einstein, amene mu 1915 anafotokoza kuti chinthu cholemera chimapinda danga ndi nthawi. Mu 1916 Karl Schwarzschild anapeza masamu a dzenje lotere. Dzuwa litafinyidwa mpaka kutsala makilomita 3 kuchokera pakati kufika m'mphepete, ulendo woyenda wapansi pa boma la Dedza, lingasanduke black hole, ngakhale kuwala sikungatulukemo.

Vuto la masamu a Schwarzschild nlakuti dzenje lake lili m'chilengedwe chongokhala duu. Koma Alexander Friedmann mu 1922 anaonetsa kuti chilengedwe chingathe kutambasuka, ndipo mu 1929 Edwin Hubble anaona kuti milalang'amba yakutali ikutithawadi.

Tsopano ana aja abwerere m'mbuyo pang'onopang'ono, osakoka mwankhanza (anyamata amafuna kupikisana, muwaletse msanga). Timadontho ta m'mbali titalikirana. Ta pafupi ndi kachewere sitisuntha kwenikweni, dzenje likadali pomwepo. Izi ndi zomwe George McVittie analumikiza mu 1933: masamu amodzi omwe pafupi amafanana ndi a Schwarzschild, kutali n'kufanana ndi a Friedmann. Pafupi ndi dzenje mphamvu yokoka ndiyo ikulamulira, kutali, kutambasuka.

Musawabisire pomwe nsalu ikunama. Mukakoka kwambiri dzenje limaphwa, pomwe black hole weniweni satero. Nsaluyo sionetsanso kuti wotchi imayenda pang'onopang'ono pafupi ndi dzenjelo. Wina akafunsa zimenezo, mupatseni choko ajambule yekha mmene akuganizira, kachewere uja mumubweze kukhitchini.