Mwapeza onga wakale m'nyumba ya malemu? Nayi njira youchotsera popanda wovulala

Agogo athu aamuna anabwera ku Mzuzu kuchokera ku Kasungu ali mnyamata, nthawi imene minda ya tung, mitengo yopangira mafuta, inkalemba anthu ntchito, kuno kusanakhale tawuni. Atatisiya chaka chatha, tinagwirizana pabanja kuti tikonze nyumba yawo ya ku Zolozolo tiikemo anthu a lendi. Posuntha wadilopu tinapeza mfuti ya gogodera yokulungidwa m'chiguduli, kathumba kachikopa kodzaza machaka, ndi zitini ziwiri zadzimbiri zolemera ndithu. Munali onga.

Mphwanga ataona zitinizo maso anachita kuwala. Iye amaonera pa YouTube azungu a ku America amene amadzipangira okha zipolopolo ngati chosangalatsa, ena mpaka kusakasaka zitini zakalekale za onga za makampani a DuPont ndi Hercules. Ndinamuuza, ndipo ndikukuuzani inunso, kuti kuno nkhani yake ndi ina. Lamulo la mfuti, Firearms Act ya 1967, sililola munthu kusunga mfuti kapena zipolopolo wopanda chiphaso, ndipo chiphaso cha malemu sichisanduka chanu chifukwa choti mwatenga nyumba. Kuonjezera apo, onga umene simukudziwa mtundu wake ndi zaka zake sungayezedwe ndi maso. Ntchito yanu ndi imodzi basi: uchoke pakhomo mwalamulo, ana ndi akulu onse ali bwinobwino.

Siyani pomwe mwaupeza

Musautsegule, musaugwedeze kuti mumve ngati muli kanthu, musaunyamule kupita nawo pabwalo kukaonetsa abale. Tulutsani ana, tsegulani mawindo, ndipo zimitsani chilichonse chamoto m'nyumbamo. Kuno kwathu kukazizira mbaula imalowa mpaka kuchipinda, ndiye yambani ndi imeneyo. Fodya ayi. Ngati magetsi azima, unikani ndi tochi kapena foni, osati kandulo kapena koloboyi.

Mfuti nayo muitenge ngati yodzaza. Alenje akale ankasiya gogodera ili yothira kale kuti chilombo chikabwera usiku asachedwe, ndipo onga wouma umene uli mumpope ukhoza kulira ngakhale patapita zaka zambirimbiri. Musasuzumire kukamwa kwake, musayese kukoka tambala wake, kachitsulo kamene kamamenya kuti mfuti ilire, kuti muone ngati akugwirabe ntchito. Ngati yaima potsamira khoma ndipo ingagwe, igonekeni pansi pang'onopang'ono, kukamwa kuloze kukhoma kumene kuseri kwake kulibe munthu.

Yang'anani chitini ndi maso okha

Pali mitundu iwiri ya onga imene imapezeka m'nyumba zakale. Woyamba ndi onga wakuda wa magogodera, wooneka ngati makala osinja. Umenewu sukalamba msanga. Ukakhala pouma umakhalabe ndi mphamvu ngakhale zitapita zaka 100, ndipo kamoto kakang'ono ngati kothetheka pachitsulo n'kokwanira kuuyatsa. Wachiwiri ndi wa zipolopolo zamakono, umene sutulutsa utsi wambiri. Uwu ndiye umavunda. Mankhwala amene anathiramo kufakitale kuti usawonongeke amatha mphamvu m'kupita kwa zaka, makamaka ukasungidwa potentha monga kudenga la malata, kenako umayamba kutulutsa mpweya wa asidi umene umadya chitini kuchokera m'kati. Ukafika poipa umatha kutentha wokha mpaka kuyaka.

Choncho ngati mukumva fungo lolasa m'mphuno ngati viniga, kapena mukuona fumbi lofiirira m'mbali mwa chotsekera, kapena chitini chatupa, tulukani nonse mutseke chitseko. Jambulani ndi foni muli chapatali, zolembedwa pachitini zioneke ngati zikuwerengeka. Zithunzi zimenezi zikuthandizani kwa apolisi.

Pamene ine ndinalakwitsa

Apa ndichedwapo, chifukwa ndi pamene tinavulaza munthu.

Ndinkafuna kutsimikiza kuti ndi ongadi ndisanavutitse apolisi. Ndinatenga sikuludiraiva n'kuyamba kutsegula chotsekera cha chitini chimodzi. Chotsekera sichinasunthe, koma pansi pake, pamene chinyezi cha Mzuzu chinali chitadya kale, panabooka. Timibulu takuda tinakhuthukira pasimenti, mwina todzaza masipuni atatu. Lero ndikamaganiza kuti ndinkakanda chitsulo ndi chitsulo pamwamba pa onga wakuda, thupi limachita tsembwe.

Ndinaika chitinicho m'beseni, ndinawola timibulu tija ndi pepala, ndikuona ngati ndamaliza. Simenti ya m'nyumba ya agogo ndi yong'aluka, ndipo tambiri tinatsalira m'ming'alu ndi pansi pa wadilopu. Choipa koposa, sindinauze aliyense kuti pansi patayikira kanthu. Ndinakhoma chitseko koma kiyi ndinasiya pomwepo.

Madzulo alamu anga analowa kukasesa, monga amachitira munthu wa pakhomo akaona fumbi. Anawola zinyalala zija pamodzi ndi timapepala takale n'kukaponya pambaula imene ankaphikira pakhonde. Ine ndinali kuseri. Ndinangomva kuti fuu, osati kuphulika kwenikweni, ndipo nditathamanga ndinapeza utsi woyera wadzaza khonde lonse, fungo ngati la mazira owola. Alamu anali atagwira dzanja lamanja, nsidze zitapsa, akulephera ngakhale kulira. Mwana wawo wa zaka zinayi anali atangochoka pambali pa mbaulayo kukatenga kapu.

Tinaika dzanjalo pampopi kwa mphindi 20 tisanathamangire kuchipatala, ndipo adokotala anati chimenecho ndiye tinachita bwino. Wina anabwera ndi mankhwala otsukira mano, wina ndi dzira, tinakana. Pa bala la moto pamafunika madzi ozizira oyenda basi. Chipsera chilipo mpaka lero kuseri kwa dzanja lawo, ndipo ndikachiona ndimadziwa kuti chinachokera kwa ine.

Ndiye ngati onga watayikira pansi, tsache lisayandikire. Makina opopa fumbi ndiye oopsa kwambiri chifukwa injini yake imathetheka m'kati. Nyowetsani malowo ndi madzi, pukutani ndi nsalu yonyowa kangapo mpaka m'ming'alu, nsaluyo muiike m'ndowa ya pulasitiki ya madzi, ndowayo idikire apolisi pamodzi ndi zina zonse. Musaganize kuti madzi aupha. Onga wakuda ukauma umatha kuyakanso, ndipo wamakono uja madzi saupweteka n'komwe. Kunyowetsa n'kongokuthandizani kuti muutole bwino. Mukatero uzani munthu aliyense wa pakhomo, ngakhale wantchito ndi mlendo, kuti m'chipindamo muli chiyani. Kiyi akhale m'thumba mwanu.

Za loko ndinenepo pang'ono. Timaloko totchipa ta pamsika tija timatseguka ndi kiyi aliyense, ana amatsegula ndi waya. Onjezerani ndalama mugule lolimba kuhadiweya, lidzagwirabe ntchito pageti nkhaniyi ikatha.

Ogula adzabwera, akanizeni

Sindikudziwa kuti mbiri imayenda bwanji, koma pasanathe masiku awiri kunabwera bambo wina waulemu wake, atavala jekete, akuti ankadziwana ndi malemu. Anapepesa maliro, kenako anafunsa ngati mfuti ija ilipo. Ananena mtengo wokwana thumba la feteleza pa zitini zokha, ati akufuna kuthamangitsira anyani kumunda. Wachiwiri anachita kuimba foni, ati amasonkhanitsa zinthu zakale.

Onga wogulidwa mwamseri chonchi umatha kuthera m'manja mwa opha nyama mozemba ku Vwaza ndi ku Nyika, kapena kwa achifwamba. Chisinthireni lamulo la nyama zakutchire mu 2017, milandu ina ya nyama zotetezedwa imafika zaka 30 kundende, ndipo wogwidwayo akafunsidwa kumene anatenga onga adzatchula dzina lanu. Thumba la feteleza silingalipire zimenezo. Musawaonetse n'komwe, ingonenani kuti nkhani ili m'manja mwa apolisi.

Kukanena kupolisi

Pitani nokha ndi zithunzi, katundu atsale. Musakweze chitini paminibasi kapena pakabaza, ayi. Kupatula kuti chikhoza kubooka m'njira monga chinachitira changa, mukakumana ndi rodibuloko mudzavutika kufotokoza chifukwa chimene mwanyamulira onga. Ngati chitini chikununkha kapena chatupa, imbani 997 kapena nambala ya polisi ya m'dera lanu, musadikire kuti kuche.

Ine ndinayamba ndadzera kwa amfumu a m'dera lathu, ndipo anandipatsa mmodzi wa achitetezo cha m'mudzi kuti andiperekeze. Zimathandiza, chifukwa pamakhala mboni yoti munapeza zinthuzo pokonza nyumba ya malemu ndipo mwabwera mwa kufuna kwanu. Tengani chitupa chanu cha unzika, kalata ya imfa ngati ilipo, ndi pepala lililonse lokhudza mfutiyo ngakhale litang'ambika. Ife tinapeza chiphaso chakale cha agogo m'Baibulo lawo, chitatha ntchito kalekale, komabe chinasonyeza kuti mfutiyo sinali yakuba.

Fotokozani zonse monga zinachitikira. Ine ndinanena ndi za kubooka kwa chitini ndi kupsa kwa alamu. Pemphani kuti nkhani ilembedwe m'buku ndipo mulembe nambala yake penapake. Akabwera kudzatenga, asiyeni anyamule okha, inu muwasonyeze chipinda ndi ndowa ija. Pemphani pepala losonyeza zimene atenga: mfuti imodzi, zitini ziwiri, machaka. Munthu amene akubwera ndi yunifolomu koma akukana kulemba, musamupatse kanthu, bwererani kusiteshoni mukafunse.

Nanga mfutiyo?

Ngati banja likufunitsitsa kuisunga, funsani pomwepo njira yofunsira chiphaso. Mafomu amayambira kupolisi ya kwanuko ndipo amakathera kwa mkulu woona za kalembera wa mfuti kulikulu ku Area 30 ku Lilongwe. Podikira yankho mfutiyo imakhala m'manja mwa apolisi. Aliyense wokuuzani kuti ali ndi njira yachidule mukamupatsa kangachepe, mutayeni. Mukhozanso kufunsa kunyumba yosungira zinthu zakale ya ku Mzuzu ngati angaifune, koma izi zidzere kupolisi komweko.

Ife tinaipereka. Tinaijambula bwinobwino isanapite, ndipo kathumba kachikopa kaja, atakhuthulamo machaka, tinakasunga.

Chotsala n'kusaka nyumba yonse kachiwiri. Kwerani kudenga ndi tochi, tsegulani masutikesi akale, onani m'nkhokwe ndi pansi pa bedi. Ife tinapezanso zipolopolo zinayi za shotigani m'chitini cha tiyi kukhitchini, ndipo tinabwerera kupolisi ndi nambala yomwe ija. Kolopani chipindacho ndi madzi ambiri kawiri musanalowetse mbaula kapena munthu wa lendi, zinyalala za tsiku limenelo musaziotche, ndipo pepala la kupolisi lija muliike pamodzi ndi mapepala a nyumba.