Momwe mungaphunzirire Fisiologia popanda kungoloweza

Mng'ono wanga wa kwa amalume ku Ulongwe wapeza malo oti aphunzire zaumoyo mumzinda wa Tete, ndipo sabata yatha anandiimbira foni ali ndi nkhawa. Anati, “Achimwene, Fisiologia ija akuti imagwetsa anthu, ine ndiyambire pati?” Tinalankhula mpaka kiredito yake inatha nkhani isanafike pakati. Ndiye ndati ndilembe pano, kuti ena amene akulowa ku Faculdade de Ciências de Saúde ya UniZambeze kapena kusukulu zina zaumoyo m'chigawo chathu chino atolepo kanthu.

Fisiologia ndi phunziro la momwe thupi limagwirira ntchito. Anatomia imakuuzani kuti impso ili pati ndipo imaoneka bwanji, pomwe Fisiologia imafunsa kuti impsoyo ikuchita chiyani panopa, ndipo chifukwa chiyani. Ine ndinalowa m'kalasi ndikuganiza kuti zonsezi nzofanana, nzoloweza basi. Mpamene ndinagwera.

Yambani ndi buku limodzi, osati asanu. Ambiri timagwiritsa ntchito la Guyton ndi Hall lomasuliridwa m'Chipwitikizi. Latsopano nlodula moti wophunzira wodalira ndalama ya fodya kapena ya mbatata yochokera kumudzi sangalikwanitse, choncho bwerekani ku laibulale kapena kwa amene ali chaka chachitatu, mukajambulitse mitu yokhayo imene mukuphunzira mwezi umenewo. Musajambulitse buku lonse nthawi imodzi, ndalama yake mungadyere milungu ingapo. Ndipo muziwerenga manambala a masamba musanalipire. Pali mnyamata wina wa fotokopya amene anandigulitsa mutu wa mtima womangidwa kale bwinobwino, koma masamba asanu ndi limodzi apakati mulibe, zithunzi zili bii ngati makala. Ndinazindikira usiku woti mawa ndi teste. Ngati muli ndi buku la pa foni, litsitseni nthawi imene mamega atsika mtengo, koma zithunzi zikuluzikulu muzizijambula nokha pamanja.

Mukapeza buku, sabata yoyamba mutherepo pa mawu amodzi: homeostase. Claude Bernard, wa ku France, ndiye anayamba kunena kuti maselo athu amakhala m'madzi amkati amene thupi limawasunga osasinthasintha, ndipo Walter Cannon wa ku America anadzapereka dzinalo pambuyo pake. Kutentha kwa thupi kumakhala cha pa madigiri 37, pH ya magazi, muyeso wa asidi amene ali m'magazimo, pakati pa 7.35 ndi 7.45. Munthu wolemera makilogalamu 70 ali ndi madzi pafupifupi malita 42, ndipo mwa amenewa 28 ali mkati mwa maselo, 14 ali kunja. Manambala awa okha ndiwo mungaloweze, lembani pakapepala mumate pakhoma. Kuno ku Tete chitsanzo cha homeostase sichisowa. Wolokani mlatho wa Samora Machel wapansi masana mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, muone thukuta likuyenderera, kukhosi kuli gwa, ndipo madzulo mkodzo wochepa, wachikasu kwambiri. Ndi timadzi totchedwa ADH timene tauza impso kuti zisunge madzi. Mwaphunzira kale tsamba lathunthu ndi thupi lanu lomwe.

Tsopano pano mpamene ndikufuna mukhale pansi, chifukwa mpomwe ine ndinapunthwa.

Mutu wa membrana, kachikopa kokuta selo, ndinauona ngati waung'ono. Ndinaloweza kuti “sódio alowa, potássio atuluka”, kuti selo ya mtsempha wonyamula mauthenga ikapuma mkati mwake mumakhala -70 mV (mamilivolti, muyeso wa mphamvu ya magetsi), kuti pampu ya pa membrana imatulutsa sódio atatu nkulowetsa potássio awiri. Ndinkatha kuzinena ndili m'tulo. Tsiku la teste, funso linabwera motere: potássio akachuluka m'magazi, mphamvu ya selo yopuma isintha bwanji? Mawu amenewa sanali papepala langa lililonse. Ndinakhala chete ndikuyang'ana fani ikuzungulira kudenga, cholembera chikuterera m'manja ndi thukuta. Ndinalemba zosemphana kwenikweni ndi zoona. Pauta itatuluka, dzina langa linali ndi 6 pa 20. Ndinaopa ngakhale kuimbira amayi, podziwa kuti anagulitsa matumba a chimanga kuti ndipeze ya lendi.

Chondipweteketsa china chinali mapepala a mayeso akale amene ndinagula kwa munthu wina pa WhatsApp, nditamutumizira ndalama pa M-Pesa. Mafunso anali enieni, koma mayankho anachita kulemba yekha, ndipo ena anali olakwika. Mafunso akale ngabwino, pemphani kwa anzanu akutsogolo, amapereka ulere. Mayankho muzifufuza nokha m'buku.

Nazi zomwe zinandipulumutsa, ndipo muchite chimodzimodzi. Yalani mphasa, muike chingwe mozungulira ngati khola. Chingwecho ndi membrana. Tengani chimanga chodzaza dzanja muthire mkati, kunja muikeko njere zochepa chabe. Chimangacho ndi potássio, amene mkati mwa selo amakhala cha pa 140 pomwe kunja ali cha pa 4. Kenako tengani nyemba muthire zambiri kunja, mkati zochepa. Nyembazo ndi sódio. Ndiye mudzifunse: nditatsegula kachipata kodutsa chimanga chokha, chipita kuti? Chituluka, chifukwa chilichonse chimachoka kumene chathithikana kupita kumene kuli malo. Selo ikamapuma, zipata zotseguka kwambiri ndi za potássio. Njere iliyonse yotuluka imanyamula mphamvu ya positivo, ndiye mkati mumatsala negativo. Negativo uja akakula amayamba kukokera potássio m'mbuyo, mpaka kukankha ndi kukoka kufanane, cha pa -90 mV. Koma sódio wochepa amadonthera mkati, nchifukwa chake selo ya mtsempha imakhazikika cha pa -70. Pampu ija ntchito yake nkubweza zinthu m'malo mwake usana ndi usiku, nyemba zitatu kunja, chimanga chiwiri mkati, ikudya ATP, amene ali ngati mafuta oyendetsera selo.

Mukafika apo, onjezani chimanga kunja kwa chingwe. Mwaona? Kusiyana kwa mkati ndi kunja kwachepa, chimanga sichikutulukanso mwamphamvu, mkati negativo wachepa. Limeneli ndilo yankho limene ndinaliphonya. Ndipo si nkhani ya mayeso chabe. Wodwala amene impso zake zaleka kugwira ntchito, potássio amachuluka m'magazi ndipo mtima umayamba kugunda mosokonekera, mwina kuima kumene. Tsiku lina mudzaima pambali pa bedi la munthu wotere.

Ine ndinabwereza masewera a nyembawa masiku anayi. Tsiku lachinayi mayi a nyumba imene ndinkachita lendi anandipeza nditagwada pamphasa, nati, “Mwanangu, nyemba zandiwozo ukuombeza nazo ula?” Ndinawafotokozera zonse m'Chichewa, opanda liwu lililonse la Chipwitikizi kupatula maina awiri aja. Pamene ndinakakamira posowa mawu mpamene ndinadziwa kuti sindinamvetse, ndipo ndinabwerera m'buku. Kuyambira pamenepo mutu uliwonse ndimauyesa choncho. Timaphunzira m'Chipwitikizi, inde, ndipo mayeso mudzalemba m'Chipwitikizi, koma chiganizo cha m'buku chimatha kukhala pakamwa pomwe m'mutu mulibe kanthu. M'chinenero cha kwanu simungadzinamize.

Mukamvetsa za membrana, potencial de acção, uthenga wamagetsi woyenda m'mtsempha, sivutanso: selo ikafika cha pa -55 zipata za nyemba zimatseguka, nyemba zimakhamukira mkati, kenako zipata za chimanga zimatseguka kubweza zinthu. Minofu ndi mtima zimayenda panjira yomweyo, kungowonjezerapo cálcio.

Pa mtima, jambulani kayendedwe ka magazi tsiku lililonse mpaka dzanja lizolowere, ndipo mugwire samu imodzi: kugunda ka 70 pa mphindi, kuchulukitsa ndi mamililita 70 otuluka pa kugunda kulikonse, kumapereka pafupifupi malita 5 pa mphindi. Gwirani mtsempha wa magazi wapamkono wa mnzanu muwerenge kugunda kwake, mumuthamangitse kuzungulira nyumba, mugwirenso. Makina oyezera kuthamanga kwa magazi musagule a pamsewu aja ogulitsidwa limodzi ndi machaja, sonkhani anthu anayi mugule amodzi ku farmácia.

Impso zimasefa malita pafupifupi 180 pa tsiku koma mkodzo umangotuluka lita imodzi ndi theka, ndiye funso lanu pa chigawo chilichonse cha néfron, kasefa kakang'ono ka mu impso, likhale lakuti, apa chikubwezedwa m'magazi nchiyani? Mapapo, m'mimba ndi mahomoni muchite nazo momwemo: jambulani, sinthani chinthu chimodzi, muone chotsatira.

Za nthawi yowerengera sindinena zambiri. M'miyezi yotentha masana mutu sugwira, dzukani 4 koloko m'mawa kukadali kaziziri. Gulu lowerengera lisapitirire anthu anayi, likapitirira limasanduka bwalo la mpira wa Moçambola. Ndipo teste yoyamba ikabwera, pitani mukaone pepala lanu kwa aphunzitsi, mufunse pamene mwalakwa. Ine ndinachedwa milungu itatu chifukwa cha manyazi, pomwe anandifotokozera m'mphindi khumi zokha.