Chenjezo lifike pakhomo ndipo linene chochita

Akuluakulu anati tsoka silinunkha, koma ngozi zambiri masiku ano zimaoneka zikadali kutali. A zanyengo amatha kuona namondwe kutatsala masiku angapo. Chimene chimavuta ndi kufikitsa nkhaniyo kwa munthu amene wagona m'nyumba ya kuchigwa, iye n'kudzuka, n'kudziwa kolowera. Choncho inu amene muli ndi udindo wochenjeza anthu, kaya ndinu a boma, a wailesi kapena a komiti ya m'dera, musamati ntchito yatha poti uthenga watuluka mu ofesi. Yatha anthu akanyamuka.

Yambani ndi mawu a uthengawo, chifukwa ambiri amapunthwa pomwepa. Mukanena kuti kugwa mvula ya mamilimita 150, katswiri amva, koma mayi wa ana atatu sadziwa ngati ayenera kuthawa kapena kungoanula zovala. Muuzeni chonchi: "Mtsinje usefukira usiku uno, madzi alowa m'nyumba za kuchigwa 10 koloko isanakwane. Nyamukani tsopano, pitani kusukulu ya kumtunda. Musadzere pamlatho." Kenako tchulani ofesi imene ikulankhula. Mauthenga oterewa alembedwe kukadali bata, m'zinenero zonse zolankhulidwa m'deralo, kuti tsikulo mungolowetsamo malo ndi nthawi. Pali njira yolembera machenjezo yotchedwa Common Alerting Protocol, imene ITU, bungwe la United Nations loona za matelefoni ndi mauthenga, linaivomereza mu 2007. Ubwino wake ndi woti uthenga umodzi umapita nthawi imodzi pa wailesi, pa wailesi ya kanema ndi pa foni, popanda wina kunena zake zosiyana.

Pa nkhani ya foni, dziwani kuti uthenga wa SMS umapita ku nambala imodziimodzi, ndipo netiweki ikadzaza umachedwa. Njira ina yotchedwa cell broadcast imafikitsa uthenga nthawi imodzi ku foni iliyonse imene ili pansi pa nsanja ya m'deralo, ngakhale ya mlendo wongodutsa, ndipo sifuna nambala ya munthu. Dziko la Germany linaphunzira mowawa mu July 2021, pamene madzi osefukira anapha anthu oposa 180, ambiri a iwo m'chigwa cha Ahr. A zanyengo anali atalosera mvulayo, koma anthu ochuluka sanachenjezedwe pa nthawi yake. Njira ya cell broadcast inadzayamba kugwira ntchito kumeneko mu February 2023.

Komabe musadalire foni yokha. Ku Lahaina, pachilumba cha Maui ku Hawaii m'dziko la America, moto wolusa wa mu August 2023 unapha anthu pafupifupi 100. Magetsi anali atazima, netiweki itasokonezeka, ndipo masailini, zipangizo zolira mokweza zochenjezera anthu, sanalizidwe. Ngozi imene mukuchenjezayo ndi yomwenso imagwetsa mapolo ndi nsanja. N'chifukwa chake ine ndimalimbikira kuti dera lililonse likhale ndi wailesi ya mabatire, chinkuzamawu chotchajidwa, ndiponso anthu oyenda ndi miyendo.

Phunziro la anthu oyendawa likupezeka ku Bangladesh. Mu 1970 namondwe anapha anthu osachepera 300,000 m'derali. Zitatero, boma ndi bungwe la Red Cross la m'dzikomo (limene pano limatchedwa Red Crescent) anakhazikitsa gulu la anthu ongodzipereka, amene lero alipo oposa 70,000. Uthenga ukafika, amakweza mbendera zosonyeza kukula kwa ngozi, amazungulira m'midzi ndi zinkuzamawu, amagogoda pakhomo ndi kuperekeza anthu kumalo othawirako omangidwa molimba. Namondwe Amphan atafika mu 2020, anthu oposa 2 miliyoni anasamutsidwa, ndipo omwalira m'dzikomo sanafike 100. Anthu amanyamuka msanga akamuona mnansi amene amamudziwa ataima pakhomo.

Ndiye khalani pansi, mulembe maina a amene chenjezo limawaphonya: osamva, osaona, okalamba okhala okha, odwala, asodzi amene ali pamadzi, mayi amene foni ya pabanja yapita ndi bambo kuntchito. Pa dzina lililonse pakhale munthu wodziwika wokamutenga. Mukangoti "tidzathandizana," aliyense adzaganiza kuti mnzake wapita kale.

Chinthu chosachedwa kusweka ndi chikhulupiriro. Pa 13 January 2018, anthu a ku Hawaii analandira uthenga woti mzinga wankhondo ukubwera. Unali wolakwika, koma panadutsa mphindi 38 uthenga woufafaniza usanatumizidwe pa njira yomweyo. Tengaponi zinthu ziwiri: chenjezo lalikulu livomerezedwe ndi anthu awiri lisanatuluke, ndipo uthenga wolibweza ukhale wolembedwa kale. Kulira kwamphamvu kwa foni kusungireni ngozi zoika moyo pachiswe, chifukwa mukamakugwiritsa ntchito pa zilizonse anthu amayamba kukunyozera. Mukachenjeza, ngoziyo n'kulambalala, musakhale chete. Bwererani kwa anthu, muwafotokozere zimene munaona ndi chifukwa chake munawadzutsa. Komanso musaiwale kulengeza kuti ngozi yapita, poti ena amabwerera kunyumba madzi asanaphwe kaamba kosowa wowauza.

Mu 2022 bungwe la United Nations linaika cholinga choti pofika kumapeto kwa 2027 munthu aliyense padziko akhale wofikiridwa ndi chenjezo. Gawo lanu pa cholingachi ndi kuyeserera. Ku Netherlands akhala akuliza masailini Lolemba loyamba la mwezi, 12 koloko masana, kuti anthu azolowere kulira kwake ndipo masailini owonongeka adziwike. Sankhani tsiku lanu, lengezani pasadakhale, ndipo kamodzi yesererani usiku, poti ngozi siyembekeza kuti kuche. Mukamaliza, pitani kumalire a dera, kunyumba zakutali ndi msewu, mukafunse amene sanamve, ndipo mulembe chimene chinawalepheretsa.