Tsamba la laibulale lisapite ndi munthu akasamutsidwa

Masamba ambiri a malaibulale pa Facebook amafa imfa imodzi. Amene anatsegula anagwiritsa ntchito nambala yake, kenako wasamutsidwa kuchoka ku Salima kupita ku Lilongwe, pasiwedi wapita nayo. Choncho musanaphunzire zoponya zithunzi, pezani kaye simu ya laibulale payokha, ya TNM kapena Airtel, ndi imelo ya Gmail ya ofesi. Pasiwedi ilembedwe m'kope lokhala m'kabati yokiya, osati pakapepala komata pakompyuta. Simuyo muziigwiritsa ntchito mwezi ndi mwezi, chifukwa ikagona nthawi yaitali amaitseka, nambala n'kupatsa wina.

Pa Facebook tsegulani Page, osati akaunti ya munthu yovekedwa dzina la laibulale. Page amatha kuiyendetsa anthu angapo, aliyense akulowera ku akaunti yake. Okhala ndi mphamvu zonse asachepere awiri.

Ntchito yeniyeni ili pa WhatsApp. Ikani WhatsApp Business, mulembemo malo ndi nthawi yotsegulira, mutcherenso uthenga woyankha wokha mukaweruka. Pokumbutsa obwereka mabuku gwiritsani broadcast list, mndandanda wotumizira uthenga umodzi kwa anthu ambiri aliyense payekha, imene imatenga manambala 256. Koma apa ndi pamene ambiri amagwa: uthengawo umafika kwa okhawo amene anasunga nambala yanu m'foni mwawo. Ndiye munthu akamalembetsa pakauntala, asunge nambalayo pompo inu mukuona. Gulu la WhatsApp lili ndi vuto lake, aliyense amaona nambala ya mnzake, zomwe sizabwino ngati m'gulumo muli atsikana a Fomu 4. Mukatsegulabe gulu, tcherani kuti ma admin okha ndiwo azitumiza, apo ayi pofika Loweruka ladzaza malonda a usipa ndi mavesi a m'mawa.

Pa WhatsApp yatsani two-step verification, loko yachiwiri ya akaunti, musankhe PIN ya manambala 6. Nambala yachinsinsi (code) yobwera pa SMS musapatse munthu, ngakhale atanena kuti akuimba kuchokera ku likulu. Akuba amalanda akaunti motero.

Ophunzira ambiri amagula bandulo ya WhatsApp yokha, ndiye linki ya Google Drive siwatsegukira. Mndandanda wa mabuku atsopano tumizani ngati PDF pa WhatsApp pomwepo. Zikuto jambulani pafupi ndi zenera, fulashi itazima kuti pulasitiki isanyezimire. Buku lonse musajambule n'kugawa, lamulo la Copyright la 2016 limateteza eni ake.