Kupeza foni yosowa m'nyumba powomba m'manja

Foni ikasowa m'nyumba usiku magetsi a ZESCO atathima, ndipo munaitsekera kulira muli kumaliro kapena kutchalitchi, kuyimbira nambala yanu pa foni ya mnzanu sikuthandiza kwenikweni. Pali mapulogalamu amene amamvetsera kudzera pa maikolofoni, ndipo akamva kuwomba m'manja kapena mluzu amaliza belu mokweza, kunjenjemeretsa foni ndi kuthwanimitsa tochi. Pulogalamu yotereyi iyenera kuikidwa foni idakali m'manja mwanu, chifukwa ikasowa kale palibenso chochita nayo.

Lowani mu Play Store ndi kufufuza mawu akuti "clap to find" kapena "whistle to find". Mudzapeza ambiri, koma musanasankhe, yang'anani zimene pulogalamuyo ikupempha. Chilolezo cha maikolofoni n'chofunika, cha kamera chingafunikenso poyatsa tochi. Ikapempha kuwerenga mauthenga anu kapena manambala a anthu amene munasunga, ikaneni ndi kuichotsa nthawi yomweyo, pakuti m'mauthenga amenewo ndi mmene mumalowa za ndalama zanu za Airtel Money kapena MTN MoMo, ndipo ntchito yomvetsera kuwomba m'manja siikhudzana nazo m'pang'ono pomwe.

Anthu ambiri amalakwitsa pa nkhani ya batire. Mafoni a Android, kuphatikizapo Tecno, Itel ndi Infinix amene ali ponseponse mu Lusaka, amatseka okha mapulogalamu ogwira ntchito chamseri kuti moto usathe msanga. Pitani ku Settings, pezani gawo la batire, ndipo lolani pulogalamuyo kuti izigwirabe ntchito ngakhale sikirini itazima. Dziwani kuti maikolofoni yomvetsera tsiku lonse imadya moto, choncho pamasiku amene magetsi akusowa kwa maola ambiri, ine ndimaona kuti n'kwanzeru kuiyatsa pokhapokha mwafika pakhomo.

Kenako iyeseni. Ikani foni pansi pa khushoni, m'chikwama, kapena pakati pa zitenje zopinda, muime pakhomo la chipinda ndi kuwomba m'manja katatu motsatizana. Ikapanda kulira, kwezani mphamvu yake yakumva. Ikamalira nthawi iliyonse mwana akagwetsa mbale kapena wailesi ikamaimba, itsitseni. Kumbukiraninso kuizimitsa popita kumapemphero, kumene anthu amaimba akuwomba m'manja, kuti isakuchititseni manyazi pakati pa mpingo.

Njirayi imagwira m'malo opanda phokoso ndiponso foni ikakhala pafupi. Ku Soweto Market kapena pa siteshoni ya Kulima Tower, pakati pa mahutala a minibasi ndi kufuula kwa ogulitsa, foni siingasiyanitse manja anu ndi phokoso lina. Kumeneko gwiritsani ntchito Find Hub ya Google, imene kale inkatchedwa Find My Device: pa foni ina tsegulani android.com/find, lowani ndi akaunti yanu ya Google, ndipo foni yosowayo idzalira kwa mphindi 5 ngakhale munaitsekera kulira, malinga ikhale yoyaka ndiponso yolumikizidwa ku intaneti. Amene ali ndi iPhone ali ndi Find My yogwira ntchito mofananamo.

Lero lomwe imbani *#06# ndi kulemba papepala nambala ya IMEI imene ioneke, yomwe ndi nambala ya manambala 15 yodziwira foni yanu, chifukwa apolisi adzaifuna ngati zitadziwika kuti foniyo yabedwa.