Mafunsiridwe: kaonere tambala, chambo ndi kambalame koluka chisa

Aise, ngati pali mtsikana wakudolola ndiye ukusowa poyambira, usathamangire kubwereka galimoto ya msuweni ayi, takhala kaye pakhonde uonere tambala wa pakhomo panupo.

Tambala akapalasa n'kupeza chiswe kapena njere ya chimanga sameza. Amatola n'kugwetsa, kutolanso kugwetsanso, uku akuitana ko-ko-ko mpaka thadzi lithamangire, iye amadya pambuyo. Koma alipo atambala ena akathyali, amaitana pa kachitsotso chabe, thadzi likabwera kawiri katatu n'kupeza palibe kanthu limayamba kumangomuyang'ana cham'mbali. Ndiye iwe zomanena kuti ndili ndi mapulani akuluakulu pomwe bandulo ukupempha kwa iye yemweyo, usiye. Uitanire chomwe uli nacho. Ngati ndi chipisi cha pachiwaya nena chipisi, ndipo ukati ndifika 4 koloko fika 4 koloko.

Tsopano chambo, apa ndiye pali sukulu. Nyengo yoswana ikafika, ija boma limatseka usodzi wa makoka kuyambira pa 1 Novembala, chambo chachimuna chimakatenga malo ake pansi pa nyanja n'kuyamba kukumba mchenga ndi pakamwa, kunyamula kukalavula, kunyamula kukalavula, mpaka dzenje lozungulira bwinobwino lokhala ndi kachitunda pakati. Alibe khasu mwana wa eni ake! Amuna ake amakhala ambiri pamalo amodzi, aliyense ndi bwalo lake, chachikazi chimangoyendera kusuzumira apa ndi apo kenako chimasankha chokha. Kwa iwe zikutanthauza kuti konza pako kaye. Sesa m'nyumba, chapa mabulangete aja, kageni kako kaziyenda ngakhale ndi kogulitsa mayunitsi. Opikisana nawe alipo ndithu, koma nthawi yowadyera miseche ikanakuthandiza kukumba. Chimodzi chokha usatengere chambo: mazira akaikiridwa, mayi ndi amene amawafungatira m'kamwa osadya bwino masiku ambiri, bambo ali phee pabwalo kudikira wina. Zimenezo ndi za nsomba, iwe ukatero tidzakumana kukhoti.

Nanga akakukana? Kaone timbalame tachikasu tija timaluka zisa zolendewera pansungwi ndi m'bango. Kamuna kamaluka ndi udzu wauwisi, kakamaliza kamalendewera chadodolido pansi pa chisa kukupiza mapiko kuti aone. Kakazi kamalowa, kukoka apa kukoka apo, ngati sikanakhutire kamauluka basi. Kamuna kaja sikamuthamangitsa kuti kakamujomphe, kamaphwasula chisa chija n'kuyamba china. Ndiye ayi akabwera mulandire. Osadzaza WhatsApp yake ndi mamesegi pakati pa usiku, osakamunyoza pa Facebook, ndipo chitenje unamugulira chija usaitanitse, n'zochititsa manyazi.

Akalola, zotsalazo mbalame sizikuthandizanso, pita ukauze amalume ako ayambe kukonzekera ulendo wokaonana ndi akuchikazi. Ndipo tambala uja osamupha pa Khirisimasi, adzafunika pachinkhoswe.