Momwe mungasankhire mlangizi wa bizinesi osataya ndalama zanu

Masiku ano pa Facebook aliyense ndi konsaltanti, uyu akuti akulemberani business plan, uyo akuti akupezerani makasitomala. Ine zinandionekerapo, ndinalipira munthu kuti andilembere pulani ya geni yanga ya chiponde, pepala linabwera lokongola ndithu koma mitengo ya mtedza yomwe analembamo sinkagwirizana n'komwe ndi ya kuno ku Mchinji, mpaka lero lili m'kabati. Sindikufuna zikuchitikireni.

Choyamba, musanayimbire munthu dziwani chomwe chikukuvutani. Katundu sakuyenda, kapena akuyenda koma ndalama simukuiona? Ngati sakuyenda mukufunika munthu wodziwa kutsatsa malonda, koma ngati ndalama ikungosowa m'manja ndiye ndi nkhani ya akauntanti.

Kenako yambani mwafunsa ku SMEDCO (kale inkatchedwa SMEDI), bungwe la boma lija lothandiza mabizinesi ang'onoang'ono, amaphunzitsa komanso kulangiza. Zina monga TPIN, nambala ya wokhoma msonkho ija, mutha kukatenga nokha ku MRA osalipira munthu wapakati.

Mukapeza amene mukumufuna, mufunseni satifiketi yolembetsera bizinesi yake ndi TPIN yake, ngati akuti ndi akauntanti funsani ngati ali membala wa ICAM, bungwe la ma akauntanti m'Malawi muno. Akupatseninso makasitomala awiri kapena atatu omwe anawathandizapo, ndipo musangoimba foni ayi, pitani mukaone ndi maso anu ngati geni yawo ikuyendadi.

Apa ndiye pofunika kwambiri, tsiku lokumana inu muzimvetsera mafunso ake. Mlangizi weniweni amafuna afike pa shopu, aone kope lomwe mumalembamo zogulitsa, afunse komwe mumapikula, transipoti imadya zingati, anthu angongole alipo angati, magetsi akazima mumatani. Ngati mumapanga zakudya ndipo mukufuna zilowe m'masupamaketi, iyeyo akuyenera kuyambitsa yekha nkhani ya Malawi Bureau of Standards, bungwe loona ubwino wa katundu. Koma munthu amene wangofika n'kuyamba kulankhula za mamiliyoni asanaone ngakhale botolo limodzi la katundu wanu, musiyeni apite. Amene akuti "ndili ndi munthu mkati, ngongole ituluka basi" thawani ndithu, ndi momwe anthu ambiri akuberedwera. Wina akulonjezani malaiki ambirimbiri, mufunseni kuti mwa amenewo angati adzagule.

Mukagwirizana lembani papepala, achita chani, amaliza liti, ndalama zingati, nonse musaine. Musalipire yonse kamodzi, perekani gawo poyamba ina akamaliza, ndipo tumizani pa banki, Airtel Money kapena Mpamba kuti umboni ukhalepo.

Ngati akukutsegulirani peji ya Facebook kapena WhatsApp Business, nambala ikhale yanu ndipo admin mukhale inuyo. Tsiku lomwe mudzasemphane atha kupita ndi peji yonse pamodzi ndi makasitomala anu.